MADZI A GASI NDI A FUNGO LA ZIPATSO: WERENGANI BOTOLO MUSANAGULE

Nyengo yotentha ikafika, makamaka mwezi wa Okutobala, malonda a zakumwa zoziziritsa kukhosi ayenda kwambiri m'makomboni mwathu. Aliyense amene ali ndi firiji pa kantemba kapena pa golosale sasowa makasitomala. Masiku ano pambali pa madirinki amene tinazolowera kale, m'masitolo mwabwera mabotolo ena amene mkati mwake muoneka ngati madzi a pa pompi. Ena acita thobvu la gasi, ena ajambulidwa ndimu, apulo kapena cinanazi, ndipo ambiri alembedwa mau akuti "water" ndi zilembo zazikulu.

Anthu amene anauzidwa ku kiliniki kuti acepetse shuga athamangira mabotolo amenewa. Makolo nawonso agulira ana awo poganiza kuti awapatsa madzi. Koma si botolo lililonse looneka ngati madzi limene lili ndi madzi okha. Ena muli shuga wofika masipuni asanu kapena kuposa. Ena mulibe shuga koma muli zotsekemeretsa zopangidwa ku fakitale. Ocepa cabe ndiwo ali ndi madzi, gasi ndi fungo la cipatso popanda cina ciliconse. Pa tsamba lino tifotokoza kusiyana kwake ndi mmene mungakudziwire muli m'sitolo momwemo.

CIFUKWA CAKE NKHANIYI IFUNIKA

Kufufuza kwa STEPS kumene kunacitika muno mu Zambia m'caka ca 2017 kunapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse ndi wonenepa kupyola muyeso, pafupifupi mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo anthu 6 mwa 100 alionse ali ndi shuga wokwera m'magazi. Matenda amene kale tinali kunena kuti ndi a anthu olemera tsopano ali m'nyumba za m'komboni.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO linalangiza m'caka ca 2015 kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku, amene ndi masipuni a tiyi 12. Linanenanso kuti kutsika kufika pa magalamu 25, kapena masipuni 6, ndiko kwabwino koposa. Sipuni imodzi ya tiyi itenga magalamu 4.

Dirinki wa gasi wothira shuga yekha akhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa 100 ml. Motero botolo limodzi la 500 ml likwaniritsa muyeso wa tsiku lonse, musanawerengere shuga wa mu tiyi, wa mu phala ndi wa mu zitumbuwa. Shuga wa mu zakumwa ndi wonyenga kamba kakuti sakhutitsa. Munthu amwa botolo lonse, pambuyo pake adya nsima yake monga mwa masiku onse.

Ena anena kuti shuga wa kuno ndi wabwino cifukwa muli vitamini A. Ndi zoona kuti kuyambira m'caka ca 1998 shuga wogulitsidwa kuti adyedwe pa nyumba athiridwa vitamini A, koma ici sicipereka cilolezo cakuti tidye wambiri. Vitamini ameneyu apezekanso mu mango, mapapaya, kaloti, mbatata zofiira mkati, ciwawa ndi bonongwe.

MITUNDU YA MADZI AMENE AGULITSIDWA

Woyamba ndi madzi a gasi opanda ciliconse, olembedwa "sparkling water". Awa ndi madzi oponderezedwamo mpweya wa carbon dioxide, womwewo umene titulutsa popuma. Njira yake ndi yakale: Joseph Priestley anaipeza ku Leeds m'dziko la England mu 1767, ndipo Jacob Schweppe anayamba kugulitsa madzi otere ku Geneva mu 1783. Mulibe shuga ndipo apha ludzu mofanana ndi madzi wamba.

Waciwiri ndi "soda water". Awa ndi madzi a gasi owonjezeredwa timicere pang'ono, monga sodium bicarbonate. Nawonso alibe shuga ngakhale zotsekemeretsa, ndipo ndiwo apezeka mosabvuta m'masitolo ambiri.

Wacitatu ndi "tonic water". Apa m'pamene ambiri anyengeka. Aoneka ngati madzi ndipo awawa pang'ono, tero munthu aganiza kuti mulibe shuga. Kuwawako kucokera ku kwinini, ndipo pofuna kukubisa opanga athiramo shuga wambiri kapena zotsekemeretsa. Dziwaninso kuti kwinini wa mu toniki ndi wocepa kwambiri moti sangaciritse kapena kuteteza malungo. Thupi likatentha pitani mukapimitse magazi ku kiliniki.

Wacinai ndi madzi a fungo la zipatso otsekemera, olembedwa "flavoured water", a gasi kapena opanda gasi. Ambiri mwa mabotolo a zithunzi za zipatso ali m'gulu ili. Muli shuga, kapena zotsekemeretsa, kapena zonse ziwiri pamodzi. Kunena zoona awa ndi madirinki cabe amene sanathiridwe utoto.

Wacisanu ndi madzi a fungo la cipatso osatsekemera. Mukatsegula mumva fungo la ndimu kapena lalanje, koma pa lilime satsekemera konse. Awa ndiwo ayenera dzina la madzi. Sapezeka kwambiri pa tuntemba, ndipo m'masitolo akuluakulu mtengo wake ukhala wokwera.

ZOTSEKEMERETSA ZOPANGA NDI CIANI?

Izi ndi zinthu zimene zitsekemera pa lilime kuposa shuga kutalitali, moti kacidutswa kakang'ono kakwanira botolo lonse. Popeza zilowa pang'ono cotere, thupi silipezamo mphamvu yoti n'kuwerengera. Nazi zimene mudzakumana nazo kawirikawiri, pamodzi ndi manambala ake, pakuti opanga ena alemba nambala m'malo mwa dzina, nthawi zina ndi cilembo E kutsogolo.

Saccharin, nambala 954, ndiye wakale pa onse. Anapezeka mu 1879 ku America, ndipo atsekemera kuposa shuga nthawi 300 kapena kupyola.

Cyclamate, nambala 952, anapezeka mu 1937. Atsekemera nthawi 30 kufika 50. Ku America analetsedwa kuyambira 1970, koma maiko ambiri amlola, ndipo kawirikawiri asakanizidwa ndi saccharin.

Aspartame, nambala 951, anapezeka mu 1965, ndipo atsekemera nthawi pafupifupi 200.

Acesulfame K, nambala 950, nayenso atsekemera nthawi pafupifupi 200. Sakonda kuyenda yekha: mudzampeza pamodzi ndi aspartame kapena sucralose.

Sucralose, nambala 955, anapezeka ku London mu 1976. Apangidwa kucokera ku shuga weniweni wosinthidwa, ndipo atsekemera nthawi pafupifupi 600.

Palinso stevia, nambala 960, amene atengedwa ku masamba a kacitsamba ka ku Paraguay ndi Brazil. Popeza acokera ku comera, mabotolo ake alembedwa "natural" ndipo ena alemba kuti mulibe zotsekemeretsa zopanga. Mauwo si abodza, koma nchito ya stevia m'botolo ndi imodzimodzi ndi ya anzake aja.

CIFUKWA CAKE ZACULUKA

Cifukwa coyamba ndi mtengo. Kutsekemeretsa malita ambiri ndi kaufa kocepa kuchipa kuposa kugula matumba a shuga.

Caciwiri ndi misonkho. Mu Epulo 2018 dziko la South Africa linayamba kulipiritsa msonkho pa galamu iliyonse ya shuga yopyola magalamu 4 pa 100 ml ya cakumwa. Mwezi womwewo dziko la Britain linayambanso msonkho wotere. Opanga ambiri anacepetsa shuga ndi kudzaza malo ake ndi zotsekemeretsa. Popeza katundu wambiri wa m'masitolo athu acokera ku South Africa kapena atsatira kapangidwe ka kumeneko, kusinthaku kunatifika ifenso. Kuno kwathu boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zosaledzeretsa mu 2019.

Ogula nawo ali ndi mphamvu. Mu 2018 kampani yopanga Mazoe ku Zimbabwe inacepetsa shuga ndi kuikamo zotsekemeretsa. Anthu anazindikira pa lilime, anawerenga botolo ndipo anadandaula kwambiri, mpaka kampaniyo inabwezeretsa Mazoe wa malalanje wakale. Phunziro lake ndi lakuti cakumwa cimene munacizolowera cingasinthe mkati dzina lili lomwelo, ndipo cingakhale ndi zotsekemeretsa ngakhale sicinalembedwe "diet".

ZIMENE AKATSWIRI ANENA

Pa nkhani iyi pali mphekesera zambiri, tero tiyenera kunena zinthu monga mmene zilili.

Mu Meyi 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsa zopanda shuga pofuna kucepetsa thupi kapena kupewa matenda. Linapeza kuti pa nthawi yaitali sizithandiza kucotsa mafuta m'thupi. Linaonanso kuti pakati pa anthu amene azigwiritsa nchito zaka zambiri, nthenda ya shuga ndi ya mtima ipezeka moculukirapo. Komabe bungweli silinanene kuti zotsekemeretsazo ndizo zibweretsa matendawo, pakuti kawirikawiri amene athamangira zakumwa za "diet" ndi anthu amene ali kale onenepa kapena ali kale pa ngozi. Langizoli likhudzanso stevia. Silikhudza anthu amene adwala kale shuga.

Mu Julayi 2023 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linaika aspartame m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wocepa. Nthawi yomweyo komiti ya akatswiri a WHO ndi FAO yochedwa JECFA inapenda umboniwo ndipo sinasinthe muyeso wololedwa, umene ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Munthu wolemera makilogalamu 70 angaupyole atamwa zitini zopitirira 9 kufika 14 tsiku lililonse.

Koma onani masamu a mwana. Mwana wa makilogalamu 20 muyeso wake ndi mamiligalamu 800, amene akwana ndi zitini pafupifupi zitatu kapena zinai. Tikawonjezera majusi osungunula, mafiriziti, mayogati ndi chingamu, zimene zambiri zilinso ndi zotsekemeretsa, mwana afika pafupi ndi muyesowo msanga kuposa munthu wamkulu.

Motero munthu amene wamwa botolo limodzi pa ukwati alibe cifukwa coopera. Nkhani ili pa cizolowezi ca tsiku ndi tsiku. Zotsekemeretsa zisunga lilime pa ukapolo wa zozuna, moti madzi wamba amveka osakoma ndipo tiyi wa sipuni imodzi amveka wowawa. Colinga si kusinthanitsa shuga ndi cinthu cina cozuna, koma kuphunzitsa lilime kukhutira ndi zosatsekemera kwambiri.

KAWERENGEDWE KA BOTOLO

Kutsogolo kwa botolo ndi kwa malonda. Zoona zili kumbuyo, m'tizilembo tating'ono. Citani zinthu zinai izi.

Coyamba, pezani mau akuti "ingredients". Pamenepo alemba zonse zimene zili mkati, kuyambira coculuka kwambiri kutsikira ku cocepa. Madzi abwino a fungo ali ndi mndandanda waufupi, monga "carbonated water, natural flavouring". Mndandanda ukatalika mizere inai kapena isanu, dziwani kuti mwagwira dirinki.

Caciwiri, funani mau akuti "sweetener" kapena "non-nutritive sweeteners", maina amene tachula aja, kapena nambala iliyonse kuyambira 950 kufika 969. Mau akuti "contains phenylalanine" atanthauza kuti muli aspartame. Cenjezoli alembera anthu ocepa obadwa ndi nthenda ya phenylketonuria, amene sayenera kumwa aspartame ngakhale pang'ono, koma lithandizanso ife tonse kuzindikira cimene cili m'botolo.

Cacitatu, funani shuga m'maina ake onse: "sugar", "sucrose", "glucose", "fructose", "syrup" ndi "fruit juice concentrate". Onsewa thupi liwalandira monga shuga.

Cacinai, onani pa tebulo la manambala pamene palembedwa "total sugar" kapena "of which sugars". Nambala imeneyo kawirikawiri ndi ya 100 ml cabe, osati ya botolo lonse. Ngati palembedwa magalamu 5 ndipo botolo ndi la 500 ml, culukitsani kasanu: mupeza magalamu 25. Gawani ndi 4, mupeza masipuni 6. Madzi amene anaoneka osalakwa aja amaliza kale muyeso wabwino wa tsiku lonse.

Samalani ndi mau awa: "zero", "lite", "diet", "sugar free" ndi "no added sugar". Pa cakumwa cotsekemera, mauwa nthawi zambiri atanthauza kuti muli zotsekemeretsa. Kumbali ina, mau akuti "no artificial sweeteners" angatanthauze kuti muli shuga wambiri kapena stevia. Cimene mufuna ndi botolo lopanda zonse ziwiri.

Ngati maso sakwanitsa tizilembo timeneto, tumani mwana wa sukulu akuwerengereni. Palinso muyeso wina wosafuna magalasi: lilime lanu. Madzi, gasi ndi fungo pa zokha sizitsekemera. Cakumwa cikazuna, cathiridwa kanthu.

KODI GASI AONONGA THUPI?

Mpweya wa carbon dioxide ukasungunuka m'madzi upanga asidi wofooka, amene ndiye alasalasa pa lilime. Mphamvu ya asidi ipimidwa ndi muyeso wa pH: nambala ikatsika, asidi akwera. Madzi wamba ali pa 7. Madzi a gasi opanda kanthu ali pafupifupi pa 5. Madirinki akuda a kola ali pafupifupi pa 2.5. Cikutiro colimba ca dzino ciyamba kusungunuka muyeso ukatsika pansi pa 5.5.

Tero madzi a gasi opanda kanthu ngozi yake pa mano ndi yaing'ono poyerekeza ndi madirinki. Koma madzi a fungo othiridwa "citric acid", nambala 330, atsika kufika pafupi ndi 3, ndipo angadye mano ngakhale mulibe shuga. Cimodzimodzi madzi ofinyiramo ndimu wambiri. Kuti muteteze mano, imwani zotere pa nthawi ya cakudya, osati kumapsontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Mukatha cukucani m'kamwa ndi madzi wamba, ndipo dikirani mphindi 30 musanatsuke mano, pakuti nthawi imeneyo cikutiro cikali cofewa.

Za mafupa, palibe umboni wakuti gasi awafooketsa. Kufufuza kumene kunapeza mafupa ofookerapo kunaloza madirinki a kola, osati madzi a gasi. Bvuto lina ndi lakuti mwana wokhuta madirinki akana mkaka ndi cakudya comanga thupi.

M'mimba, gasi acititsa kugeya ndi kutupa mimba kwa kanthawi. Amene abvutika ndi cilungulira angaone kuti ciwonjezeka. Otere amwe madzi opanda gasi.

AMENE AYENERA KUSAMALA KOPOSA

Makanda. Mwana wosakwana miyezi 6 ayenera kuyamwa bere lokha, popanda madzi a mtundu uliwonse. Kufikira zaka ziwiri, musampatse zakumwa za shuga kapena za zotsekemeretsa. Kuika jusi kapena dirinki m'botolo la mwana kuti agone nalo kuoletsa mano a kutsogolo.

Odwala shuga. Cakumwa ca zotsekemeretsa sicikweza shuga m'magazi monga dirinki wa shuga, motero cingathandize munthu amene ali pa ulendo wosiya madirinki. Kambiranani ndi a ku kiliniki. Koma gwirani mfundo iyi, pakuti ingapulumutse moyo. Wodwala amene abaya insulini kapena amwa mapiritsi ena a shuga, shuga wake angatsike kwambiri: anjenjemera, atuluka thukuta, amva njala yoopsa, asokonezeka mutu. Nthawi imeneyo afunika shuga weniweni msanga, monga masipuni atatu kapena anai osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya dirinki wa shuga. Cakumwa ca "zero" kapena "diet" sicingamthandize konse. Onse a m'nyumba adziwe ici. Ngati wakomoka musamthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye ku cipatala.

Otsegula m'mimba. Madzi a gasi, a fungo ndi madirinki salowa m'malo mwa ORS. Mu ORS muli shuga ndi mcere pa muyeso woyenera, ndipo shuga ameneyo ndiye athandiza matumbo kukoka mcere ndi madzi kulowa m'thupi. Zotsekemeretsa sizigwira nchito imeneyi, pamene dirinki wa shuga wambiri angawonjezere kutsegulako. Ngati mulibe paketi ya ORS, sungunulani masipuni a tiyi 6 osadzaza mulu a shuga ndi theka la sipuni ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo pitani ku kiliniki.

A BP ndi a impso. Mcere wa mu soda water ndi wocepa, koma amene anauzidwa kucepetsa mcere aone mau akuti "sodium" pa botolo ndi kusankha madzi amene nambala yake ndi yotsika.

KUKONZA MADZI A FUNGO PA NYUMBA

Njira yochipa ndiponso yodalirika ndi kudzipangira nokha, pakuti mudziwa cimene mwaikamo. Tengani jagi ya madzi otetezedwa ya malita awiri, muikemo cimodzi kapena ziwiri mwa izi, mubvundikire ndi kudikira ola limodzi kapena awiri.

Ndimu kapena lalanje lodula mapisi anai kapena asanu. Musalisiye usiku wonse ndi makoko ake, pakuti madzi adzawawa.

Nkhaka yodula mopyapyala, kapena tizidutswa ta vwende, cinanazi, mango kapena gwafa.

Jinja wosenda ndi kuphwanya pang'ono. Agwirizana bwino ndi ndimu.

Udzu wa tiyi wonunkhira ndimu uja ambiri abzala kuseri kwa nyumba. Uwiritseni mphindi zocepa, muziziritse.

Zikhokho zofiira za lumanda, zouma kapena zaziwisi. Zipatsa madzi mtundu wofiira umene ana akonda.

Mabuyu kapena bwemba wobviika ndi kusefa. Izi ndi zowawasa, ndipo ambiri alakwa pothiramo shuga wambiri. Sungunulani ndi madzi ambiri kuti kuwawasako kucepe, m'malo mothira shuga.

Amene afuna thobvu agule soda water kapena madzi a gasi opanda kanthu, afinyiremo kacidutswa ka ndimu kapena lalanje. Tsekani botolo mwamphamvu ndi kulisunga pozizira, pakuti gasi athawa msanga m'madzi ofunda. Musapange thobvu ndi soda wophikira delele kapena ndi mankhwala a ufa a m'mimba aja. Muli sodium wambiri ndipo si zakumwa za masiku onse.

Uci ndi shuga wofiirira nazonso ndi shuga. Jusi, ngakhale wolembedwa 100%, WHO amuwerengera pamodzi ndi shuga wothira. Kudya lalanje lathunthu kuposa kumwa madzi ake. Maheu a m'sitolo, munkoyo ndi thobwa zothira shuga ziwerengedwe monga cakudya, osati madzi opha ludzu.

Ngati pa nyumba anazolowera jusi wosungunula, musaletse tsiku limodzi. Cepetsani pang'ono mlungu uliwonse uku muwonjezera madzi. Pakapita milungu ingapo lilime lizolowera, ndipo muyeso wakale uja umveka wozuna mopyola.

MADZIWO AKHALE OTETEZEDWA

Zonsezi zilibe phindu ngati madziwo ali ndi tizilombo. Mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023 ndi kufalikira m'zigawo zonse mu 2024 unapha anthu oposa 700 ndipo unacedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu. Ndimu, gasi ndi firiji sizisandutsa madzi oipa kukhala abwino.

Wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo lake ndi kudikira mphindi 30. Sungani m'cigubu ca pakamwa papang'ono cotseka. Tsukani zipatso, mpeni ndi manja ndi madzi otetezedwa musanadule. Madzi oikamo zipatso amwedwe tsiku lomwelo, ndipo ngati magetsi azima kapena mulibe firiji, amwedwe m'maola ocepa. Mtsuko wa dothi wobvundikira uziziritsa madzi popanda magetsi, koma ukhale ndi kapu yake yotungira imene palibe amwera.

Aisi ndi mafiriziti opangidwa ndi madzi osadziwika angapatse matenda, pakuti kuzizira sikupha tizilombo tonse. Pogula madzi a m'botolo onani kuti citsekero sicinathyoledwe, kuti pali dzina ndi adiresi ya opanga, ndiponso kuti tsiku lothera nchito silinapite. Madzi a m'mabotolo ali pakati pa katundu amene bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency liyang'anira. Mukaona okayikitsa, uzani bungweli kapena oyang'anira za umoyo a ku khonsolo.

MAU OTSIRIZA

Pa ludzu la tsiku ndi tsiku, madzi wamba otetezedwa ndiwo oyamba, ndipo ndiwo ochipa. Otsatira ndi madzi a fungo okonza pa nyumba, madzi a gasi opanda kanthu ndi soda water. Madzi a fungo a m'sitolo agulidwe pokhapo mwawerenga kumbuyo ndi kupeza kuti mulibe shuga ngakhale zotsekemeretsa. Otsala onse, kaya alembedwa "water" kaya "zero", aikidwe m'gulu la madirinki, a pa Khirisimasi ndi pa maukwati.

Makolo, ana atengera cimene aona pa tebulo. Jagi ya madzi ozizira a ndimu ikakhala pambali pa nsima masiku onse, mwana akula nayo osaona cacilendo. Ndipo inu amene mwapyola zaka 40, kapena muli ndi wacibale wodwala shuga, kapena muona kuti ludzu silikutha ndipo mukodza kawirikawiri usiku, musangosintha cakumwa cabe. Pitani ku kiliniki mukapimitse shuga ndi BP.